Mwana wadwalanso, shifiti ikudikira: zoyenera kuchita m'nyengo yozizira ku England

Mwana akangoyamba kupita ku nursery kuno ku England, makamaka akayambira mu September kapena October, makolo ambiri a Chimalawi amadutsa m'njira imodzimodzi. Sabata ino ndi chimfine, yamawa chifuwa, akati achireko kwabwera kusanza, kenako khutu likumuwawa usiku wonse. Foni imalira muli pakati pa shifiti ku care home kapena ku warehouse: thupi la mwana latentha, bwerani mudzamutenge. Bambo ake angogona kumene atachezera kuntchito, agogo ali ku Ntcheu, ndipo mnansi wa khomo loyandikana simudziwa n'komwe dzina lake. Pofika December mwatheratu, malipiro aperewera chifukwa cha masiku ojomba, ndipo akumudzi ayamba kufunsa pa WhatsApp ngati palibe munthu amene wamuchita chipongwe mwanayu.

Kudwaladwala kumeneku simungakuthetse ndi mankhwala, ndipo nthawi zambiri sikutanthauza kuti mwana wanu ndi wofooka. A NHS, bungwe la boma loona za chipatala kuno, amanena okha kuti si zachilendo mwana wamng'ono kudwala chimfine maulendo 8 kapena kuposerapo pa chaka. Mavairasi a chimfine alipo mitundu yambirimbiri, mwana sanakumanepo nawo, ndipo tsopano akuswera m'chipinda chotseka mawindo limodzi ndi anzake onyambita zidole zomwezo. Chifuwa chotsalira chimfine chikapita chimatha kukhala milungu itatu, choncho nthenda yachiwiri imamupeza yoyamba isanatheretu, inu n'kumaona ngati ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala kuyambira October mpaka March. Nyengo yozizira yachiwiri zimachepako. Zimene zili m'manja mwanu ndi kudziwa tsiku lothamangira kuchipatala ndi tsiku lokhazika mtima pansi, kukonza m'nyumba, ndiponso kupangana za wotsala ndi mwana foni ija isanalire. Ndikunena za ku England kumene ndikukhala. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland malamulo ena amasiyanako.

Thupi likatentha

Dzanja pamphumi limanama, makamaka dzanja lochokera panja pozizira. Gulani thermometer ya digital ku pharmacy kapena ku supermarket, yotchipa yomweyo, ndipo mwana wosakwana zaka 5 muzimuyeza m'khwapa. Kutentha thupi kumayambira pa 38°C. Khanda losakwana miyezi itatu likafika pa 38, musadikire kuti kuche: imbani 111, nambala ya NHS yopereka malangizo achangu, kapena GP, dokotala wanu wa m'dera, nthawi yomweyo. Wa miyezi 3 mpaka 6 akafika pa 39, chimodzimodzi. Mwana wokulirapo, nambala payokha siuza zambiri. Wina amafika pa 39 koma akumwa, akukodza, akulimbirana remote ndi mkulu wake. Ameneyo mutha kumusamala pakhomo. Wina ali pa 38 chabe koma wangoti lobodo, sakuyang'anani m'maso, akukana ngakhale bere. Ameneyo ndiye woopsa.

Mankhwala a kutentha thupi ndi awiri: paracetamol wa ana, amene ambiri timangomutcha Calpol, ndi ibuprofen. Onani botolo bwino, chifukwa Calpol alipo wa makanda ndi wa ana oyambira zaka 6, ndipo wachiwiriyu ndi wamphamvu kuposa kuwirikiza kawiri. Paracetamol sapitirira maulendo anayi pa maola 24, ndipo pakati pake pazipita maola osachepera anayi. Ibuprofen samwetsa mwana wosakwana miyezi itatu, mwana wa katsabola, kapena mwana amene watha madzi m'thupi. Wa mphumu yambani mwafunsa. Aspirin ayi ndithu kwa aliyense wosakwana zaka 16. Mankhwala a chifuwa a m'mabotolo aja samwetsa ana osakwana zaka 6, ndipo uchi sapatsa khanda losakwana chaka. Mlingo muziyeza ndi kasirinji kobwera m'bokosi, kulowetsa pang'onopang'ono cha m'tsaya, osati ndi supuni ya tiyi.

M'nyumba za anthu a mashifiti muli ngozi imene mapepala a chipatala satchula. Mayi amwetsa mwana 6 koloko m'mawa n'kuthamangira basi. Bambo afika kuchokera ku night shift maso ali psuu, apeza mwana akadali wotentha, amwetsanso 7 koloko. Palibe wolakwa, koma mwana wamwa kawiri. Matani pepala pa fuliji, cholembera chipachikidwe pomwepo, ndipo aliyense womwetsa alembe nthawi, dzina la mankhwala, mlingo ndi zimene thermometer yaonetsa. Pepala lomwelo mulijambule pa foni popita kwa dokotala. Limayankha theka la mafunso ake.

Kwathu mwana akatentha thupi ena amamufunditsa mabulangete kuti atuluke thukuta, ena amamupukuta ndi nsalu yonyowa. Malangizo a NHS ndi oti musachite zonse ziwiri: avale zopepuka, azimwa pafupipafupi, muzimuyendera usiku. Za kufukiza ndi madzi owira a bulugamu kapena Vicks pansi pa bulangete, zisiyeni kwa mwana wamng'ono. Phindu lake ndi lochepa, koma beseni likagubuduzika mwana amapsa moopsa.

Zizindikiro zoti musazengereze

Zithunzi zambiri za m'mapepala a zaumoyo zimaonetsa khungu loyera, pamene zotupa zimaoneka zofiira ndipo milomo imasanduka yabuluu. Pa khungu la ana athu sizioneka choncho. Yang'anani m'zikhatho, kumapazi, mkati mwa zikope, m'kamwa ndi lilime, ndipo muyatse getsi lowala. Mukaona timadontho, kanikizani pamwamba pake ndi tambula yagalasi yoonekera. Timadontho tikapanda kuzimirira pansi pa galasi, imbani 999, nambala yoitanira ambulansi, chifukwa chimenecho chitha kukhala chizindikiro cha matenda oumitsa khosi kapena sepsis, pamene tizilombo tasokoneza thupi lonse. Koma musadikire timadontho kuti mukhulupirire. Nthawi zina timabwera mochedwa kapena osabwera n'komwe.

Kapumidwe simungakaone mwana ali mu jumper. Muvuleni malaya, mumugoneke pamwendo, muyang'ane nthiti. Ngati khungu likulowa mkati pansi pa nthiti kapena pakhosi akamakoka mpweya, ngati akubuula pa mpweya uliwonse, ngati akumaima kaye kupuma, ngati lilime kapena milomo yatuwa, ngati akuvuta kudzutsa kapena khosi lauma, imeneyo ndi ya 999 kapena A&E, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi. Chimodzimodzi mwana akakomoka n'kumaphiriphitha kwa nthawi yoyamba. M'nyengo yozizira makanda ambiri amadwala bronchiolitis, imene kawirikawiri imabwera ndi vairasi ya RSV. Imayamba ngati chimfine wamba n'kukula cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu. Khanda likachepetsa kwambiri kuyamwa, kapena thewera likakhala louma maola 12, imbani 111. Kutentha thupi kukafika masiku asanu, kaonaneni ndi GP ngakhale mwana akuoneka wamphamvu. Ngati mwana wanu ali ndi sickle cell, zodikira zonsezi sizimukhudza: kutentha thupi kulikonse ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo, motsatira zimene madokotala ake anakuuzani.

Pali chinthu chimodzi chimene dokotala wa kuno sangachiganizire mukapanda kumuuza: malungo. Ngati munapita ndi mwana ku Malawi, kutentha thupi kulikonse m'miyezi yotsatira, mpaka chaka chathunthu, nenani poyamba penipeni kuti munali kudziko la malungo ndipo mupemphe kuti ayezedwe magazi tsiku lomwelo. Mwana wokulira kuno alibe chitetezo chimene anzake a ku Nkhotakota ali nachoko, ndipo malungo amamugwetsa msanga. Osamumwetsa LA wotsala m'chikwama musanayezetse.

"Dokotala sanandipatse kanthu"

Dandaulo limeneli ndalimva m'magulu onse a amayi. Kwathu tinazolowera kuti ukapita kuchipatala subwerako chimanjamanja: pamakhala amoxicillin, Bactrim, mwina jakisoni. Kuno GP amamvetsera pachifuwa, kuyang'ana m'makutu ndi kukhosi, n'kukuuzani kuti ndi vairasi, mupitirize madzi ndi Calpol. Mumatuluka mukumva kuti akuchepetsani. Koma pa chimfine ndi zifuwa zambiri akunena zoona. Antibiotic sapha vairasi, mamina obiriwira si umboni woti akufunika, ndipo kumwetsa mwachisawawa kumatsegula mwana m'mimba ndi kulimbitsa tizilombo kuti tsiku lina mankhwala asadzagwire. Ndiye amoxicillin wobwera m'sutikesi kuchokera ku Lilongwe musamupatse mwana. Simudziwa mlingo wake, simudziwa m'mene anasungidwira, ndipo mwana akafika kuchipatala atamwa kale zimasokoneza zoyeza.

Chimene mungachite ndi kulankhula momveka. Ife tinaleredwa kuti kwa dokotala umadzichepetsa, ukafunsidwa umati "aliko bwino pang'ono" ngakhale mwana sanagone. Ulemu umenewu kuno umakubwezani kumapeto kwa mzere. Poimba ku surgery, ndiye kuti kuchipatala cha GP, kawirikawiri 8 koloko m'mawa, kapena polemba fomu ya pa intaneti, yambani ndi msinkhu wa mwana, kenako nambala ya thermometer, masiku amene wadwala, m'mene akumwera, ndi matewera amene wanyowetsa. Ngati mwana wasintha moti inu mayi ake mukuchita mantha, nenani mawu omwewo. Musanatuluke m'chipinda cha dokotala funsani kuti ndi zizindikiro ziti zoti mubwererenso, ndipo pakapita masiku angati. Mwana akaipiraipira madzulo omwewo, kubwerera si kuvutitsa; amayembekezera zimenezo. Ngati Chingerezi chikuthawani mukapanikizika, pemphani womasulira, simulipira.

Si zonse zofuna GP. Kuyambira January 2024, pansi pa dongosolo la Pharmacy First, pharmacist atha kuona mwana wa chaka chimodzi kupita m'tsogolo amene khutu likumuwawa kapena ali ndi zilonda za impetigo, ndi wa zaka 5 kupita m'tsogolo wa zilonda zapakhosi, n'kupereka mankhwala ngati akufunika. Mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi aulere kwa ana osakwana zaka 16. Health visitor, amene ntchito yake ikufanana ndi ya alangizi a zaumoyo a kusikelo, alipo mpaka mwana afike zaka 5, ndipo nambala ya gulu lake kawirikawiri imalembedwa m'kabuku kofiira ka zaumoyo wa mwana kaja. Ambiri timamuopa poganiza kuti wabwera kudzafufuza m'nyumba. Mufunseni za kadyedwe, kagonedwe ndi kulemera kwa mwana. Ngati mwana akutsika sikelo, akudwala chibayo mobwerezabwereza, kapena chifuwa chapitirira milungu itatu, pamenepo nkhani ya "ana onse amatero" yatha, pafunika kufufuza. Ndipo ngati kunyumba kunafika mlendo wokhosomola kwa nthawi yaitali, tchulani za TB.

Kusanza ndi kutsegula m'mimba

Apa mankhwala ndi madzi. Pitirizani kuyamwitsa, mupatseni timadzi pang'onopang'ono pafupipafupi, osati juice kapena Fanta. Thanzi ORS wa kwathu uja kuno mupeza wofanana naye dzina lake Dioralyte. Funsani pharmacist za msinkhu wa mwana. Liwombo likalowa mkati, si nthenda yofuna mankhwala opaka pamutu monga amanenera akumudzi. Ndi chizindikiro choti madzi atha m'thupi, pamodzi ndi maso olowa, kulira kopanda misozi ndi matewera ouma. Imbani 111. Masanzi obiriwira kapena a magazi ndi a A&E.

Lamulo la ku nursery ndi maola 48 kuchokera pamene mwana wasanza kapena kutsegula komaliza, osati pamene anayamba. Ngati inunso mwatengera ndipo mumagwira ntchito ndi okalamba kapena m'khitchini, lamulo lomwelo likukukhudzani. Norovirus, vairasi yoyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, safa bwino ndi sanitiser. Sambani ndi sopo, ndipo m'chimbudzi mutsuke ndi bleach.

Masiku ena ojomba timaluza mosafunikira chifukwa chosadziwa. Malangizo a boma sanena kuti mwana wa chimfine chopanda kutentha thupi akhale pakhomo, ngakhalenso wa maso ofiira kapena wa hand, foot and mouth ngati akupeza bwino. Wa katsabola amakhala mpaka zilonda zonse zitauma, kawirikawiri masiku asanu kuchokera pamene zinatuluka. Wa scarlet fever amabwerera pakatha maola 24 atayamba antibiotic. Nursery iliyonse ili ndi malamulo akeake olembedwa, ena okhwima kuposa a boma, ndiye apempheni muwerenge mwana asanadwale. Funsaninso ngati amamwetsa Calpol mukasainira, komanso ngati mumalipirabe tsiku limene mwana sanapite, ambiri amalipiritsa.

Chinyengo chomwetsa mwana Calpol pakhomo kuti afike ku nursery ali wozizira tonse timachidziwa. Sichigwira. Mankhwala amatha mphamvu chakumasana, foni imalira muli kutali, ndipo mwaluza shifiti yomweyo kuphatikizapo chikhulupiriro cha osamala mwana wanu.

Nyumba yomwe

Mwana amene chifuwa chake sichitha, pitani mukasunthe bedi ndi wardrobe muone kuseri. Nyumba zambiri za lendi zimene timakwanitsa ndi zakale, ndipo ife pofuna kupulumutsa ndalama za gasi timatseka mawindo onse, kuyanika zovala pa radiator, kuwiritsa nyemba maola atatu chitseko cha khitchini chili pululu. Nthunzi yonseyo imakathera pakhoma lozizira. M'mawa galasi la windo likuchucha madzi, ndipo m'makona mwayamba nkhungu yakuda. Nkhungu imeneyi si yonyansa chabe. Mu December 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale, ndipo bwalo lofufuza za imfa yake linapeza kuti chinamupha ndi kupuma nkhungu ya m'nyumba kwa nthawi yaitali. Makolo ake anali atadandaula kangapo. Lamulo lotchedwa dzina lake tsopano limakakamiza eni nyumba za council ndi za housing association kuchitapo kanthu msanga.

Mbali yanu ndi iyi: tsegulani windo kwa mphindi zingapo m'mawa uliwonse ngakhale kukuzizira, pukutani madzi a pagalasi, vundikirani mapoto, yatsani fan ya kubafa ndi kukhitchini, ndipo zovala muziyanika m'chipinda chimodzi chotseka chitseko, windo lili lotsegula pang'ono, osati mogona mwana. Koma ngati khoma likunyowa chifukwa cha denga kapena paipi, imeneyo ndi ntchito ya mwini nyumba. Muuzeni polemba, ndi zithunzi ndi deti, osati pakamwa. Akanyalanyaza, kadandauleni ku nthambi ya environmental health ya council yanu. Amayendera nyumba za lendi za anthu wamba, ndipo GP atha kulemba kalata yonena za chifuwa cha mwana.

Kutenthetsa mopitirira nakonso ndi vuto. Chipinda chogona khanda chimayenera kukhala pakati pa 16 ndi 20°C, khanda logona chagada, lopanda chipewa m'nyumba. Agogo akaliona pa video call amakalipa kuti mwana mukumupha ndi mphepo. Ayankheni mwaulemu, koma chipewa chisabwerere. Kutenthedwa kwambiri ndi chimodzi mwa zinthu zowonjezera ngozi ya imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo. Kuti mudziwe ngati wazizidwa, gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, osati manja. Fodya asasutidwe m'nyumba, ngakhale pawindo.

Dzuwa ndi katemera

Kuyambira October mpaka March dzuwa la kuno silikwanira kupanga vitamin D m'thupi, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lochuluka kuposa loyera. Mu December kumpoto kwa England kumada 4 koloko isanakwane. Ana a chaka chimodzi mpaka zinayi amayenera kulandira ma microgram 10 tsiku lililonse chaka chonse, ndipo khanda loyamwa bere 8.5 mpaka 10 kuyambira pobadwa; lomwa mkaka wa m'chitini wopitirira 500ml patsiku silifunika kuwonjezera. Sindikunena kuti timadontho ta vitamin D timeneti tithetsa chimfine. Timateteza mafupa kuti miyendo isapindike, ndipo ana athu ndiwo ali pachiopsezo chachikulu.

Ngati mwana anabadwira ku Malawi, tengani buku lake la kusikelo mupite nalo kwa nesi wa ku surgery kuti afananize. Pali akatemera ena operekedwa kuno amene kwathu kulibe, monga wa MenB, woteteza ku mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, amene anayamba mu 2015, ndipo nesi adzakuuzani ngati msinkhu wa mwana ukulola. Wobadwira kuno amayenera kulandira BCG chifukwa makolo kapena agogo ake anabadwira kudziko la TB yambiri. Saperekedwa kwa ana onse, ndiye nthawi zina amaiwalika, kumbutsani. Ana a zaka 2 ndi 3 amalandira katemera wa flu wopopera m'mphuno kwaulere chaka chilichonse nyengo yozizira isanafike.

Atsale ndi ndani?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo palibe Calpol wake. Kwathu mwana akadwala pamakhala agogo, azakhali, mtsikana wa kumudzi, mayi wa nyumba yoyandikana amene amangomubereka kumbuyo n'kupitiriza kusinja. Kuno muli awiri, mwinanso nokha.

Yambani ndi ufulu wanu. Wolembedwa ntchito aliyense, kuyambira tsiku loyamba, ali ndi ufulu wochoka kuntchito kwa nthawi yoyenera pakagwa zadzidzidzi zokhudza mwana. Amautcha time off for dependants. Bwana sakakamizidwa kukulipirani tsikulo pokhapokha contract itanena, koma saloledwa kukulangani kapena kukuchotsani chifukwa cha zimenezo. Ufuluwu ndi wa tsiku limodzi kapena awiri oti mukonze zinthu, si wa sabata yathunthu. Amene muli pa agency kapena zero hours zimatengera mtundu wa contract yanu. A Acas, bungwe lolangiza za malamulo a kuntchito, amalangiza kwaulere pa foni. Chofunika kwambiri, makamaka kwa amene visa yanu ili m'manja mwa kampani, ndi kusangosowa. Imbani msanga, tsatirani ndi meseji kapena email kuti pakhale umboni, nenani tsiku limene mukuyembekeza kubwerera. Kampani yokuthandizani visa imayenera kudziwitsa a Home Office, unduna woona za visa, mukajomba popanda chilolezo masiku ogwira ntchito opitirira 10 otsatizana, ndipo masiku osalipidwa akapitirira milungu inayi pa chaka zitha kukhudza visa. Muziwerenga masiku anu, ndipo sungani ena a annual leave kuti adzagwire ntchito mu January ndi February m'malo mowathera onse pa ulendo wa kumudzi.

Kenako khalani pansi awirinu lero, mwana ali bwino, rota zonse ziwiri zili patebulo. Tsiku lililonse la sabata likhale ndi dzina la amene adzanyamuke foni ikalira. Musangoganiza kuti ndi mayi. M'mabanja ambiri amene anabwera pa visa ya care, mayi ndiye mwini visa ndipo bambo ndi dependant amene angasinthe ntchito mosavuta. Pamenepo nzeru ndi yoti bambo ndiye azijomba. Abambo anzathu, kusintha thewera la mwana wotsegula m'mimba sikunachotsepo munthu ulemu. Dziwani dzina la surgery, tsiku lobadwa la mwana, ndi kumene kuli thermometer, kuti musamaimbire mayi ali pakati posambitsa nkhalamba. Koma amene wachezera usiku asagone pa sofa ndi khanda pachifuwa. Tulo ta night shift n'tolemera, ndipo sofa ndi malo oopsa kwambiri kwa khanda. Mwana m'kabedi kake, inu pambali, alamu itatcheredwa.

Anthu awiri sakwana. Pezani mabanja awiri kapena atatu, a kutchalitchi, a kumzikiti, a ku bungwe la Amalawi la m'tauni yanu, kapena makolo a ku nursery komweko ngakhale si akwathu, mupangane zosinthana. Mayina awo alembedwe ku nursery ngati anthu ololedwa kutenga mwana, ndi password ngati amafuna, chifukwa popanda zimenezo sangamupereke ngakhale mutachonderera pa foni. Lamulo la kusamalirana ana ndi lotere: mabwenzi osinthana kusamala ana popanda kulipirana ndalama safunika kulembetsa. Koma munthu amene si wachibale wapafupi, wosamala mwana wosakwana zaka 8 m'nyumba mwake kwa maola opitirira awiri patsiku n'kumalandira malipiro, amayenera kukhala wolembetsedwa ku Ofsted, bungwe la boma loyendera malo osamalira ana, kapena ku agency ya ma childminder. "Aunty" wosunga ana asanu ndi mmodzi m'flat mwake pa mtengo wotsika amaoneka ngati mpulumutsi, koma alibe inshuwalansi, mwina sanaphunzire first aid, ndipo tsiku la ngozi mafunso adzabwera kwa inu. Posinthana muziganiziranso mnzanu: mwana wa katsabola asapite kunyumba kumene kuli mayi woyembekezera kapena khanda, ndipo wosanza ndi bwino womusamala abwere kwanu.

Chimene simuyenera kuchita ngakhale zitavuta bwanji ndi kutsekera mwana m'nyumba yekha, kapena kumusiyira mkulu wake wa zaka 8 kapena 9 monga tinkachitira kwathu. Lamulo la kuno silitchula msinkhu, koma ndi mlandu kusiya mwana yekha pamene zingamuike pangozi, ndipo bungwe loteteza ana la NSPCC limalangiza kuti makanda ndi ana aang'ono asasiyidwe okha ngakhale pang'ono, komanso kuti osakwana zaka 12 kawirikawiri sanakhwime moti n'kutsala okha nthawi yaitali. Ambiri timaopa kupita ku A&E pafupipafupi poganiza kuti a social, a boma oona za chitetezo cha ana, atilanda ana. Kupita ndi mwana wodwala kuchipatala si kumene kumawadetsa nkhawa. Chimene chimawabweretsa pakhomo ndi mwana wopezeka yekha, kapena wofika kuchipatala mochedwa atadwalitsitsa.

Za ndalama, mwana aliyense wa zaka 3 ndi 4 ku England ali ndi maola 15 aulere pa sabata kwa milungu 38 pa chaka, kuyambira teremu yotsatira tsiku lokwanitsa zaka zitatu, posatengera visa ya makolo. Maola 30 a makolo ogwira ntchito ndi Tax-Free Childcare ndi nkhani ina: ngati nonse awiri visa yanu inalembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simungalandire thandizo la ndalama za boma, kawirikawiri simuloledwa, ndiye funsani ku council kapena ku Citizens Advice musanalembe fomu iliyonse.

Ena amaitanitsa agogo. Visa ya mlendo imalola kukhala mpaka miyezi isanu ndi umodzi, siilola kugwira ntchito, ndipo ofesi yoona za visa imatha kukana ikaona kuti cholinga chenicheni ndi kudzakhala wolera ana tsiku ndi tsiku m'malo mwa nursery. Mlendo amalipira akagonekedwa m'chipatala, choncho inshuwalansi ya paulendo ndi yofunika, pamodzi ndi mankhwala awo a BP kapena shuga okwanira miyezi yonse. Ngati mungasankhe nthawi, musawabweretse mu January kuti adzakhale m'nyumba yotseka ndi mdzukulu wa chimfine. Mavairasi omwewo amagwetsa munthu wachikulire kuposa mwana. Abwere kuyambira May, pamene kunja kukuwala mpaka 9 koloko usiku ndipo atha kumatuluka naye ku park.